Dzinolo musalibise, achimwene

Achimwene, chonde dzino lobookalo musalibise pa medical, poyezedwa thupi musananyamuke ndi asilikali anzanu kupita ku mission yosungitsa mtendere. Ndikudziwa mukuopa kuti akuchotsani pa list ndalama za mission n'kukudutsani. Inenso ndinaganiza choncho mu 2016 tikupita ku Congo. Langa linali la kumapeto, lamunsi kumanzere, lobooka pang'ono. Linkawawa ndikamwa madzi ozizira kenako n'kusiya, ndiye ndinati ndikaliona pobwera.

Linandigwira tili ku Beni, kum'mawa kwa Congo, mwezi wachitatu. Amene munafikako mukuidziwa nkhalango ija, mvula yake, ndi momwe zigawenga za ADF zimayendera usiku. Ndinali pa ulonda cha m'ma 2 koloko. Dzino linkagunda ngati lili ndi mtima wakewake, ululu kukwera mpaka m'khutu ndi m'diso. Lamba wa helmet umadutsa ndendende pamene panatupa, ndinachita kuumasula, chinthu choletsedwa. Mfuti ili m'manja koma maganizo onse ali m'kamwa. Mnzanga anandifunsa monong'ona ngati ndamva kuthyoka kwa nthambi kutsogolo kwathu. Sindinamve kalikonse. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsemwe, chifukwa kumbuyo kwanga kunali anthu ogona amene ankadalira makutu angawo.

Kutacha ndinapita kwa wachipatala wathu wina. Sanandiyang'ane n'komwe m'kamwa. Anati, “Dzino basi? Msilikali wathunthu kulira dzino?” Anandipatsa Panado n'kundibweza ku ntchito. Munthu ameneyo ndimamukwiyirabe. Akanangoyatsa tochi akanaona mafinya. Masiku anayi ndinkanyika mabisiketi mu tiyi kuti ndithe kumeza, kugona osagona. Wina anandiuza kuti ndiike aspirin pa nkhama, inangondiotcha pakhala chilonda choyera. Tsiku lachisanu tsaya linali ngati ndavwira mango, kamwa osatseguka kupitirira zala ziwiri, thupi kutentha, kutupa kwayamba kutsikira kunsi kwa chibwano. Apo m'pamene anadzidzimuka, chifukwa kutupa kukafika pakhosi munthu amabanika.

Chipatala chaching'ono cha pa battalion, chija amati Level 1, sichikhala ndi dokotala wa mano. Ameneyo amapezeka ku chipatala chokulirapo, cha Level 2. Ndiye panafunika galimoto, dalaivala ndi anyamata operekeza ndi mfuti pamsewu woti tsiku lililonse pakhoza kuchitika ambush. Dzino limodzi linachotsa anthu onsewo pa ntchito, ndipo anzanga anagawana ma duty anga kwa masabata awiri. Ku Level 2 kuja anandipatsa mankhwala opha tizilombo, amoxicillin ndi Flagyl, anatulutsa mafinya, kenako analizula. Dokotala wake anandiuza kuti likanamatidwa kumudzi ndisananyamuke, inali ntchito yosakwana ola limodzi.

Asilikali a ku America nkhani imeneyi saiseweretsa. Amaika mano a msilikali m'magulu, Class 1 mpaka 4, ndipo amene ali mu Class 3, kutanthauza kuti dzino lake likhoza kumuvuta mwadzidzidzi m'miyezi 12 ikubwerayo, sakwera ndege mpaka alikonze. Ife timaona ngati kudandaula dzino ndi ulesi. Timathamanga makilomita, timapukuta mfuti mpaka kuwala, koma mswachi ena amauiwala sabata yathunthu ali kutchire, uku tiyi wa shuga wambiri ndi fodya.

Ndiye inu chitani izi. Pakadali masabata, thamangani mawa lomwe kwa dokotala wa mano, ngakhale wa private, akalimate kapena akalizule, bala lipole musanafike pa medical. Mukatero palibenso chowauza, ndipo sindikuona chifukwa choti mudzidulire nokha ulendo. Koma osanyamuka nalo lobooka. M'chikwama muikemo miswachi iwiri, mankhwala otsukira mano a fluoride, Brufen ndi kamchere kochukuchira m'kamwa ndi madzi ofunda. Ndipo kumeneko wachipatala akadzakuuzani kuti ndi dzino basi, musachoke pakhomo pake mpaka ayatse tochi.