Bondo lachitsulo likalowa mabakiteriya, kodi mapiritsi okha angachize?

Mayi wina wandilembera imelo yokhudza amayi ake. Anawaika bondo lachitsulo zaka ziwiri zapitazo ndipo ankayenda bwinobwino. Posachedwapa bondolo linayamba kutupa, kenako pachipsera panabooka kabala kotuluka mafinya. Akamwa maantibayotiki kamauma, akasiya kamayambiranso. Tsopano adokotala akuti chitsulocho chichotsedwe. Funso la mayi wondilemberayo ndi ili: "Kodi palibe mankhwala amphamvu oti amwe, m'malo mowang'ambanso?"

Mayi, mantha anuwo ndi omveka, koma sindikunamizani. Pamene pafika apa, mapiritsi okha sangachize.

Vuto si kufooka kwa mankhwala ayi. Mabakiteriya, makamaka a mtundu wa Staphylococcus, akafika pachitsulo amamatirira n'kudzimangira chotchinga choterera ngati ndere pamwala wa mumtsinje. Madokotala amachitcha biofilm. M'chitsulo simuyenda magazi, choncho asilikali a m'thupi amalephera kugwira ntchito pamenepo, ndipo mabakiteriya obisala m'nderemo amangokhala phee, mankhwala osawapha. Mapiritsi amangopha amene atulukira kunja. N'chifukwa chake kabalako kamauma n'kubwereranso. Ndipo musakaone kuchepa, ndi kanjira kochokera pachitsulo penipeni.

Ilipo njira yosachotsa chitsulo. Amatsegula bondo, kutsuka, kuchotsa mnofu wowonongeka n'kusintha kapulasitiki kokhala pakati pa zitsulo za bondolo. Koma imathandiza matenda akagwidwa msanga, mwezi usanathe chichitireni opaleshoni, kapena zizindikiro zisanathe milungu 3, chitsulo chili cholimba, popandanso kabala kotere. Kwa amayi anu nthawi imeneyo inadutsa.

Chotsala ndi kusintha chitsulo. Ena amachotsa chakale n'kuika chatsopano tsiku lomwelo. Ambiri amachita kawiri: amachotsa kaye, n'kusiyamo chogwirizira cha simenti ya mafupa yosakaniza ndi mankhwala monga gentamicin kapena vancomycin, ndipo matenda akazilala amaika bondo latsopano. M'chiuno amachitanso chimodzimodzi. Nyengo yapakatiyo ndiyo yowawa. Munthu amene ankadzisambitsa yekha amayendera ndodo, kudzuka pampando mpaka wina amugwire m'khwapa. Yambiranitu kukambirana pabanja kuti adzawasamale ndani.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: lekani kuwagulira maantibayotiki mwa inu nokha. Kuti madokotala adziwe mtundu wa bakiteriya, amakoka madzi a m'bondo ndi jakisoni, ndipo pa opaleshoni amatenga tizidutswa ta mnofu pafupifupi 5 kupita nato ku labotale. Wodwala akakhala akumwa mankhwala, ku labotale sikumera kanthu, ndiye amapatsidwa mankhwala ongoganizira. Nthawi zambiri amati asiye kumwa kwa milungu 2 asanayezedwe, koma zimenezo alamule ndi adokotala. Akayamba kutentha thupi, kunjenjemera kapena kubalalika mutu, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Opaleshoni ikatha mankhwala ndi a nthawi yaitali. Kafukufuku wa DATIPO wa ku France, amene anatuluka mu 2021, anapeza kuti matenda anapitirira mwa odwala 18 pa 100 alionse amene analandira mankhwala milungu 6, poyerekeza ndi 9 pa 100 mwa amene analandira milungu 12. Wina wa ku Britain, OVIVA wa 2019, anasonyeza kuti mapiritsi osankhidwa bwino amagwira ntchito mofanana ndi mankhwala a m'dripi, kotero mwina sadzakhalitsa m'chipatala. Akapatsidwa maantibayotiki otchedwa rifampicin, mkodzo udzafiira, musadabwe. Mankhwalawa sayenera kumwedwa popanda maantibayotiki ena, ndiponso amasokoneza mankhwala ena monga warfarin (woletsa magazi kuundana) ndi ma ARV ena, choncho munyamule mapaketi a zonse zimene amamwa, adokotala akaone.

Ngati thupi lawo ndi lofooka moti opaleshoni ingawaike pachiswe, pali kumwa mankhwala kwa nthawi yaitali ongopondereza matenda popanda kuwathetsa. Mukakawaona adokotala, mukawafunse mosabisa ngati mtima ndi impso za amayi anu zingapirire maopaleshoni awiri.