Bambo samwa mowa, kodi ndiwatengere kuminda ya mpesa?

Mchemwali wina yemwe amagwira ntchito ku Cape Town wandilembera imelo. Makolo ake akubwera kudzamuona mu February, ndipo akufuna kukawaonetsa minda ya mpesa ya ku Stellenbosch ndi Franschhoek, komwe amapanga vinyo. Koma bambo ake ndi mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo chibadwire. Ndiye akufunsa ngati ulendowu sungawakhumudwitse.

Achemwali, atengeni ndithu. Chachikulu n'choti muukonze ngati ulendo wakumunda, chifukwa malo amenewa ndi mafamu, ndipo mwezi womwe akubwerawo ndi wokolola. Mphesa zimathyoledwa kuyambira kumapeto kwa January mpaka cha mu March. Antchito amalawirira m'mamawa dzuwa lisanawawe, poti mphesa zikatenthedwa zimayamba kusasa zisanafike koponderako. Mukafika msanga mudzaona mizere ya anthu atanyamula timipeni ndi malumo, makireti odzaza, thirakitala ikupita ndi kubwera. Ngati bambo ndi mlimi, mudzavutika kuwachotsapo.

Chomwe chidzawadabwitse kwambiri ndi mvula. Kwathu timadzala mu November kapena December. Kuno mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira May mpaka August, ndipo mphesa zimacha m'chilimwe chouma. Mu July ndi August mipesa imakhala itayoyola masamba onse, n'kumadulidwa nthambi kuti idzaphukenso bwino. Afotokozereni zimenezi, mafunso otsatira adzafunsa okha.

Pa famupo pemphani kuti akulowetseni mosungira vinyo, musangothera patebulo lolawira. Muli matanki aatali achitsulo ndi migolo yamatabwa, yambiri ya malita 225. Mudzamva fungo la madzi a mphesa akuwira, isiti ikudya shuga. Adzakuonetsaninso kuti kufiira kwa vinyo kumachokera ku makungu a mphesa, madzi ake enieni ndi oyera. Zonsezi munthu amaziona osamwa ngakhale dontho, ndipo mafamu ambiri amagulitsa juwisi wa mphesa.

Ine ndingayambire ku Groot Constantia, poti ili mu Cape Town momwemo. Anaikhazikitsa Simon van der Stel, mtsogoleri wa atsamunda Achidatchi ku Cape, mu 1685, patapita zaka 26 vinyo woyamba atafinyidwa ku Cape mu 1659. Nyumba zoyera zakalezo n'zokongola, koma ndikupempheni kuti muwauzenso makolo za omwe anakhetsa thukuta m'mindamo. Anali akapolo, ena ochokera ku Mozambique ndi Madagascar, mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1834. Pambuyo pake antchito ankapatsidwa vinyo ngati gawo la malipiro, mchitidwe womwe unasiya uchidakwa m'mabanja ambiri, ndipo zipsera zake zikuonekabe. Pa mafamu ena akale belu loitanira akapolo lilipobe. Nkhaniyi imandikhudza, n'chifukwa chake sindidutsa wantchito wa m'munda osam'patsa moni.

Musachulutse malo. Mafamu awiri pa tsiku akwana. Stellenbosch ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mu Cape Town, ndipo ngati mayi amakonda dimba, Babylonstoren, kufupi ndi Paarl, ili ndi munda waukulu wa zipatso ndi ndiwo zamasamba woti munthu n'kuyendamo m'mawa wonse. Za sitima ya Wine Tram ku Franschhoek, ine ndingaileke ulendo uno. Ambiri okwerawo amapitira kumwa, ndipo pofika madzulo phokoso lake bambo sangasangalale nalo.

Inuyo ngati mumalawako, yesani Pinotage, mtundu wa mphesa womwe Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Pamakhala kachidebe kolavulira, ndipo kulavula si mwano. Komabe woyendetsa galimoto asamwe. Loweruka ndi Lamlungu anthu amadzaza, choncho imbani foni kusungitsiratu malo, kapena pitani mkati mwa sabata. Mutenge zipewa ndi madzi ambiri, kutentha kwa February m'zigwa za Paarl kumaposa madigiri 35 masiku ena.