Lord Carrington, nduna imene agogo ankaimva pa wailesi

Mphunzitsi wina wa ku Ulongwe wanditumizira imelo. Akuti agogo ake akamakamba za nkhondo ya Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero), amatchula mzungu wina dzina lake Carrington, n'kumati ndiye analetsa ndege zoponya mabomba kuno ku Tete. Akufunsa kuti munthuyu anali ndani, nanga zimene agogowo amanena n'zoona?

Aphunzitsi, agogo sananame. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene ine imandiwawa, ndipo ndiifika.

Peter Carington anabadwa mu 1919 m'banja la anthu apamwamba a ku Britain. Bambo ake atamwalira mu 1938 analowa dzina la Lord Carrington, ndipo dzinalo linabwera ndi mpando ku House of Lords, nyumba ya malamulo yachiwiri imene mamembala ake sachita kuvoteredwa. Choncho pa moyo wake wonse wa ndale sanaimepo pa chisankho cha aphungu. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, napatsidwa mendulo chifukwa cha kulimba mtima pa mlatho wa Nijmegen ku Netherlands mu 1944. Chipani chake chinali Conservative, cha anthu okonda kusunga zinthu momwe anazipezera, makamaka eni minda ikuluikulu ndi amalonda. Anakhalapo kazembe ku Australia, kenako nduna ya chitetezo kuyambira 1970 mpaka 1974 m'boma la Edward Heath. Margaret Thatcher atapambana mu 1979 anamupatsa unduna wa zakunja.

Apa m'pamene njira yake inakumana ndi yathu. Kuyambira 1972 asilikali a ZANLA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ankadutsa m'chigawo chathu polowa ku Rhodesia, a Frelimo atawatsegulira njira. Mu Malichi 1976 Samora Machel, pulezidenti wa Mozambiki, anatseka malire ndi Rhodesia, ndipo Ian Smith anayamba kubwezera mkati mwa dziko lathu. Mu Novembala 1977 ndege zake zinaphulitsa misasa ya ku Chimoio ndi ku Tembue, Tembueyo ali kuno ku Tete. Ndege zimene agogo amakumbukira ndi zimenezo.

Mu 1979 Smith anali atakonza boma logwirizana ndi Bishopu Abel Muzorewa, ndipo ambiri m'chipani cha Conservative ankafuna kuti Britain ilivomereze, nkhani ithere pomwepo. Mayi Thatcher nawonso mtima wawo unali komweko. Carrington anaona kuti boma lopanda Robert Mugabe ndi Joshua Nkomo, atsogoleri a magulu omenyera ufulu, silingatontholetse mfuti, komanso kuti maiko a mu Africa sakalilandira. Nigeria inali italanda kale katundu wa BP, kampani ya mafuta ya ku Britain. Carrington anawatembenuza mtima Thatcher, ndipo pa msonkhano wa Commonwealth ku Lusaka mu Ogasiti anagwirizana zoitanira mbali zonse ku London. Pamenepa ndimamupatsa ulemu, chifukwa kutsutsa anthu a m'nyumba mwako n'kovuta kuposa kutsutsa adani.

Zokambirana za ku Lancaster House zinayamba pa 10 Sepitembala n'kutha pa 21 Disembala 1979, iye ali wapampando. Sankanyengerera. Ankaika chikalata patebulo, n'kutchula tsiku loti ayankhidwe. A Muzorewa akavomera, Mugabe ndi Nkomo ankatsala pakona, chifukwa kukana kukanapatsa Britain mpata wovomereza Muzorewa yekha. Mugabe anafika pofuna kutuluka kuti akapitirize nkhondo. Amene anamubweza ndi Samora, kudzera mwa nthumwi yake Fernando Honwana: Mozambiki yatopa, sainani. Ndiye mukawauze agogo kuti ndege zija anaziletsa anthu awiri, ndipo wachiwiriyo ndi amene anthu ake ankaikidwa m'manda.

Panganolo linasungira azungu mipando 20 mwa mipando 100 ya kunyumba ya malamulo, linatetezanso minda yawo kwa zaka 10 kuti isalandidwe mokakamiza. Pamenepo ukonsavativu wake unaonekera poyera, ndipo mkangano wa malo umene unadzaphulika mu 2000 mizu yake ili pomwepo. Chisankho chinachitika mu Febuluwale 1980, Mugabe anapeza mipando 57, Zimbabwe n'kulandira ufulu pa 18 Epulo.

Tsopano chondiwawa chija. Akazitape a Rhodesia ndi amene analera Renamo, awo makolo athu ankawatcha a Matsanga potengera dzina la André Matsangaissa, yemwe anaphedwa ku Gorongosa mu Okutobala 1979, zokambirana zili mkati. Ku Lancaster House anakonza za mipando, za minda, za malo osonkhanirapo asilikali, koma gulu limeneli panganolo silinalithetse. Mu 1980 linangosamutsidwira m'manja mwa asilikali a South Africa, ndipo linakula kuposa kale. Moto unazima kwa aneba, nkhuni yoyaka inatsala padenga pathu. Mu 1986 mayi anga anandibereka kumbuyo usiku kuwolokera ku Dedza, kusiya chimanga m'nkhokwe ndi ng'ombe m'khola, ndipo tinabwerera pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 litasainidwa. Sindikunena kuti Carrington ndiye anatiotchera midzi. Ntchito imene anapatsidwa inali yochotsa Britain m'vuto la Rhodesia, ndipo anaigwira bwino. Koma anthu a ku Angónia, Macanga ndi Tsangano sanali m'maganizo a aliyense pa tebulo limene lija.

Unduna wake unatha mwadzidzidzi. Argentina italanda zilumba za Falkland, zolamulidwa ndi Britain, pa 2 Epulo 1982, iye anatula pansi udindo patangotha masiku atatu, ponena kuti unduna wake sunaone ngoziyo ikubwera ndipo wina ayenera kusenza mlandu. Palibe anamuchotsa, Thatcher anayesa kumuletsa. Ndikanakonda ana a sukulu yanu atamva kuti nduna ikhoza kuchita zotere. Pambuyo pake anatsogolera NATO, mgwirizano wa asilikali wa maiko a azungu, kuyambira 1984 mpaka 1988, anayesanso kuyanjanitsa a ku Yugoslavia koma sizinatheke. Anamwalira mu 2018 ali ndi zaka 99.

Mukapita kwa agogo mutenge foni, muwafunse kumene anali tsiku limene anamva za Tembue, ndi njira imene anadzera mu 1986. Mujambule mawu awo, ndipo akalola munditumizire.