Mwana wanga akufuna kafukufuku wa nanoscience: ntchito ilipo?

Funso: Mwana wanga wamkazi watsiriza digiri ya chemistry ndipo akuti akufuna kuchita kafukufuku wa nanoscience. Kodi munthu angadyere zimenezi? Ayambire pati?

Yankho: Mayi, ntchito ilipo, koma digiri yoyamba yokha siyimufikitsa kumeneko. Nanoscience ndi kufufuza ndi kupanga tinthu ta pakati pa nanomita 1 ndi 100. Tsitsi limodzi la munthu ndi lokhuthala nanomita pafupifupi 80,000. Tinthu totere maso sangationere, choncho mwini labu akamalemba munthu amafunsa chimodzi: ndi makina ati amene unagwirapo ndi manja ako?

Apa ndiye pamene ambiri amagwera. Amalemba pa CV maphunziro onse amene anakhoza, osatchula ngati anayezapo chinthu pa makina oyezera a m'labu monga XRD, FTIR, Raman kapena electron microscope. Mwana wanu alembe makina amene anagwiritsa ntchito pa pulojekiti ya chaka chomaliza, chimene anayeza, ndi chimene anapeza. Ngati anangogwira makina amodzi okha, monga UV-Vis, alembe yomweyo. Kunama n'kudzitchera msampha, chifukwa pa intavyu amamufunsa mmene anakonzera sampo.

Njira yapafupi ndi masters ya kafukufuku ku South Africa. University of the Western Cape ndi University of Johannesburg zimaphunzitsa masters (MSc) ya nanoscience, ndipo mabungwe a kafukufuku monga CSIR ku Pretoria, Mintek ku Randburg ndi iThemba LABS ku Cape Town ali ndi makina amenewa. Akamaliza ndi pamene PhD imatseguka. Dziwani, mayi, kuti ku Netherlands ndi ku Sweden PhD ndi ntchito ya malipiro a pamwezi, si sukulu yoti inu mugulitsire mbuzi. Malo a PhD otere amalengezedwa pa webusaiti ya EURAXESS. A ku Britain ali pa jobs.ac.uk. Wofuna ku Britain, monga ku Manchester kumene anapatula graphene (kagawo kopyapyala kwambiri ka mwala wa graphite) mu 2004, apemphe msanga satifiketi ya ATAS, chilolezo cha boma la Britain cha maphunziro ena a sayansi. Ndi yaulere koma imatenga masabata angapo, ndipo popanda iyo viza ya maphunziro a materials science sidutsa.

Pofunafuna pulofesa womuyang'anira pa kafukufuku, kalata imodzi yotumizidwa kwa mapulofesa 50 siyankhidwa. Asankhe asanu, awerenge pepala limodzi la kafukufuku la aliyense, afotokoze mwachidule chimene angawonjezerepo.

Chowawa chake n'choti ntchito za pambuyo pa PhD zimakhala za kontilakiti ya zaka 2 kapena 3, ndipo si onse amakhazikika pa yunivesite. Ena amalowa m'makampani a mabatire, a penti ndi a zamagetsi. Kuno kwathu kuli graphite ku Kasiya ndi miyala ya zitsulo zotchedwa rare earths ku Songwe Hill m'boma la Phalombe. Ngati mtima wake uli wodzabwerera, asankhe mutu wokhudza graphite wa m'mabatire kapena kuyeretsa miyala imeneyi.