Zonse ndi sukulu za boma, nanga bwanji sizifanana? Yankho kwa mayi wa ku Joni

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Amagona ku Alexandra, ntchito amagwira kumayadi a ku Sandton. Mwana wawo ali giredi 3 pa sukulu ya boma ya kulokeshoni, m'kalasi muli ana opitirira 50, laibulale kulibe, ndipo mpaka pano kuwerenga kukumuvuta. Mwana wa abwana awo nayenso ali pa sukulu ya boma, koma kumeneko kuli laibulale, makompyuta, bwalo la kapinga ndi dziwe losambiramo. "Boma ndi limodzi," akutero mayiwa, "ndipo ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994. Ndiye vuto ndi khungu kapena ndalama? Bambo a kunyumba akuti azungu amangosamala za sukulu kuposa ife akuda. Ndi zoona zimenezi? Nanga mwana wanga ndimuthandize bwanji?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi funso lolemera chonchi. Ku South Africa khungu ndi ndalama si zinthu ziwiri zoti munthu asankhepo chimodzi. Boma la tsankho linazimanga pamodzi mwadala, ndi malamulo, kwa zaka zopitirira 40. Malamulowo anafafanizidwa, koma nyumba, malo, chuma ndi sukulu zinatsala m'manja momwe zinali. Mawu a bambo a kunyumba ndiwayankha kutsogoloku, mwaulemu wonse, chifukwa sindikugwirizana nawo.

Tiyambire mu 1953, chaka chomwe boma linakhazikitsa lamulo la Bantu Education Act. Lamuloli lisanabwere, ana ambiri akuda amene ankaphunzira anali m'sukulu za mishoni, monga zinalili kwathu ku Nyasaland. Boma linalanda sukuluzo n'kuziika pansi pa unduna woona za anthu akuda, womwe nduna yake inali Hendrik Verwoerd. Iyeyu sanabise cholinga chake: ananena poyera kuti munthu wakuda alibe malo pakati pa azungu kupatula pa ntchito zina zamanja, ndipo sankaona chifukwa chophunzitsira mwana wakuda masamu omwe sadzawagwiritsa ntchito. Kuyambira mu 1955 ndalama zomwe boma linkaika ku maphunziro a anthu akuda kuchokera m'thumba lake lalikulu zinaimitsidwa pa mlingo umodzi kwa zaka zambiri, ngakhale ana ankachuluka chaka ndi chaka, ndipo zotsalazo zinkachokera ku msonkho wa akuda eni ake. Mwana wa mzungu ankaphunzira ulele, lamulo n'kumamukakamiza kupita kusukulu. Kholo lakuda, losauka kale, linkagula lokha mabuku. Mu 1982, patapita zaka 6 chichitikireni zipolowe za ana a sukulu a ku Soweto za pa 16 June 1976, boma linkawononga R1,211 pa mwana mmodzi wa mzungu, R771 pa wa mmwenye, R498 pa wa mkaladi, ndi R146 pa mwana wakuda. Pofika 1994 dzikolo linali ndi madipatimenti a maphunziro okwana 19, ogawidwa potengera khungu ndi mtundu.

Laibulale mwaionayo, holo, mabwalo, dziwe, zambiri zinamangidwa nthawi imeneyo, ndi ndalama za boma. Palinso chinthu china chosaoneka ndi maso chomwe chinatsalira: aphunzitsi. Amene anaphunzira pansi pa Bantu Education ndi amene anadzakhala aphunzitsi a m'malokeshoni, iwowo n'kuphunzitsa aphunzitsi a lero. Si kuti analibe nzeru kapena mtima ayi. Anamanidwa masamu ndi sayansi mwadala, ndipo munthu sangapereke chomwe sanalandire.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri sadziwa. Boma la tsankho litaona kuti dzuwa likulowa, linakonzeratu za sukulu zake. Mu 1990 nduna Piet Clase inapatsa sukulu za azungu njira zingapo zoti zisankhepo, ndipo pofika 1992 zambiri zinasanduka zotchedwa Model C. Boma linkalipira aphunzitsi, koma komiti ya makolo inapatsidwa mphamvu yotolera fizi, yoyang'anira katundu wa sukulu ndi yosankha ana olowa. Boma latsopano litalemba lamulo la South African Schools Act mu 1996, linathetsa dzina la Model C koma linasiya mphamvu zambiri m'manja mwa makomitiwo. Linali ndi chifukwa chake. Linaopa kuti likaletsa fizi, makolo opeza bwino athawira ku sukulu za pulayiveti, ndipo sukulu za boma zitsala za osauka okhaokha. Linaganizanso kuti olemera akamadzilipirira, ndalama za boma zipita kwa osauka.

Mbali ina zinayendadi choncho. Lero sukulu za boma zimagawidwa m'magulu asanu otchedwa ma quintile, potengera umphawi wa dera. Kuyambira mu 2007 sukulu za m'madera osaukitsitsa zinasiya kulipiritsa fizi, ndipo pano magulu atatu oyamba onse ndi aulele. Mu 2023 mlingo wa boma pa mwana mmodzi m'sukulu zaulelezi unali pafupifupi R1,600 pachaka, pomwe pa sukulu za gulu lachisanu, za m'madera olemera, sunkafika R300. Ukaona pa pepala umati osauka ndiye akukonderedwa.

Koma ndalama zimenezi ndi zogulira mabuku, choko, magetsi, madzi ndi zokonzera zowonongeka basi. Gawo lalikulu zedi la bajeti ya maphunziro limapita ku malipiro a aphunzitsi, ndipo amenewo sagawidwa mokondera osauka kwenikweni. Komanso zigawo zina, monga KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape, zakhala zikulephera kupereka ngakhale mlingo woikikawo. Ndiye tayang'anani sukulu ya kumayadi. Boma laipatsa R300 yokha pa mwana, inde, koma kholo lililonse likulipira fizi ya R20,000, R30,000, kwina kupitirira R60,000 pachaka. Ndi ndalama zimenezo komiti imalemba aphunzitsi owonjezera pa omwe boma lapereka, kalasi n'kukhala ya ana 30 m'malo mwa 55. Imalemba woyang'anira laibulale, wothandiza ana ovutika kuwerenga, wophunzitsa masewera. Zili ngati alimi awiri, wina munda wake uli kudambo ndipo wakhala ukuthiridwa manyowa kuyambira nthawi ya agogo ake, wina uli pamsangalabwi. Wapamsangalabwiyo mukamupatsa matumba awiri a feteleza, mnzakeyo limodzi, simunganene kuti mwawalinganiza.

Kenako pali nkhani ya malo. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa mizinda potengera khungu, ndipo inu mumaliona tsiku ndi tsiku mukamaoloka msewu wa M1 kuchoka ku Alexandra kupita ku Sandton. Sukulu zimayamba kulandira ana a m'dera lozungulira. Kwa zaka zambiri ku Gauteng dera limeneli linali makilomita 5 kuchokera pa sukulu, zomwe zinkatanthauza kuti mapu a nthawi ya tsankho ndi omwe ankasankhabe ana, ngakhale palibe amene ankatchula khungu. Bungwe la Equal Education linanena zimenezi pa mlandu wa FEDSAS, bungwe la makomiti a sukulu, ku khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2016 khothilo linalamula akuluakulu a maphunziro ku Gauteng kuti akonze madera a sukulu. Chilankhulo nachonso chakhala chitseko. Sukulu ina ikanena kuti imaphunzitsa mu Afrikaans mokha, ana akuda ambiri salowamo ngakhale malo alipo. Milandu ya Hoërskool Ermelo mu 2009 ndi Hoërskool Overvaal mu 2018 inali ya zimenezi. Ndi chifukwa chake lamulo la BELA, losintha malamulo a maphunziro, lomwe Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira mu September 2024, linabutsa mkangano waukulu pa ndime ziwiri zokha: ya chilankhulo ndi ya kalandiridwe ka ana.

Wina anganene kuti lero sukulu zakale za azungu zadzaza ana akuda, ndiye nkhani yasanduka ya chuma basi. Zoona, ana a madokotala, maloya ndi akuluakulu a boma akuda ali m'menemo, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma tayang'anani mbali inayo. Pamwamba pasakanikirana, pansi sipanasakanikirane. M'sukulu zaulele za kulokeshoni ndi kumidzi ana pafupifupi onse ndi akuda ndi makaladi. Mu January 2014 Michael Komape, mwana wa zaka 5, anagwera m'chimbudzi chokumba pa sukulu yake ku Limpopo n'kufa, patangopita masiku ochepa atayamba sukulu. Mu 2018 Lumka Mkhethwa, wa zaka 5 nayenso, anafa imfa yomweyo ku Bizana, ku Eastern Cape. Izi zinachitika boma litasaina kale, mu November 2013, malamulo a zomwe sukulu iliyonse iyenera kukhala nazo. Nkhani ya ana awiriwa imandipweteka mtima nthawi zonse ndikaikumbukira, ndipo sindingavomere kuti khungu lilibe mbali m'menemo pomwe tonse tikudziwa kuti ndi ana a ndani amene amagwiritsa ntchito zimbudzi zoterozo. Boma lomwe lalamula kuyambira 1994 lili ndi mlandu wakewake pano. Mu 2012 ana a ku Limpopo anakhala miyezi yambiri opanda mabuku mpaka bungwe la Section27 linapita kukhothi. Amenewo sanali Verwoerd.

Za mwana wanu kuvutika kuwerenga, dziwani kuti si iye yekha ndipo si umbuli. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri woona kawerengedwe ka ana, wa PIRLS wa 2021, anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a giredi 4 ku South Africa satha kuwerenga n'kumva zomwe awerengazo, m'chilankhulo chilichonse. Wanuyo alinso ndi katundu wina: kunyumba Chichewa, kusukulu mwina Chizulu kapena Sepedi, ndipo akafika giredi 4, m'sukulu zambiri maphunziro amatembenukira ku Chingerezi.

Kwa bambo a kunyumba ndinena izi. M'mawa kusanache pitani pa siteji ya matakisi ku Alexandra, ku Soweto kapena ku Tembisa, muone ana ovala mayunifolomu a sukulu za kutali. Makolo awo akudula gawo la malipiro awo kuti alipire thiransipoti, mwana akaphunzire ku sukulu yabwinoko. Ana omwe anafa ku Soweto mu 1976 anafera maphunziro. Mayi amene walemba kalata iyi, ataweruka ntchito atatopa, ndi wosamala. Chomwe chikusiyana ndi chakuti kholo lina likasamala limakhala ndi galimoto, nthawi, mabuku m'nyumba ndi loya pa komiti ya sukulu, pomwe lina limakhala ndi mtima wokha. Mawu akuti akuda sitisamala ndi owopsa chifukwa mwana akawamva amawakhulupirira. N'chimodzimodzi ndi zomwe magulu olimbana ndi alendo monga Operation Dudula amanena, kuti ana a alendo ndi omwe adzaza makalasi. Makalasi a kulokeshoni anali odzaza ana athu asanafike.

Tsopano zoti muchite. Poyamba, sukulu ya abwana anuyo ndi ya boma, ndipo mwana wanu ali ndi ufulu wofunsira malo. Ku Gauteng, pambuyo pa adiresi ya kunyumba ndi kukhala ndi m'bale wake pa sukulupo, amayang'ananso adiresi ya kuntchito kwa kholo. Pemphani abwana akulembereni kalata yotsimikiza kuti mumagwira ntchito pakhomo pawo. Malo a giredi 1 ndi giredi 8 amafunsiridwa pa intaneti cha pakati pa chaka. A magiredi ena mumapita pa sukulu pomwepo, ndipo zimatengera ngati malo alipo. Sindikulonjezani kuti mupeza, chifukwa sukulu zotere zimadzaza msanga, koma ambiri safunsa n'komwe poopa fizi.

Fiziyo isakuopseni. Lamulo likuti ngati fizi ya pachaka ikufika 10 peresenti kapena kuposa ya ndalama zomwe makolo onse awiri amapeza pachaka, simuyenera kulipira kalikonse, ndipo ikachepera pamenepo mukhoza kuchotseredwa gawo. Mwachitsanzo, inu ndi bambo mukamapeza R120,000 pachaka, fizi ili R25,000, mwadutsa kale mlingowo. Muyenera kupempha fomu yake ndi kuidzaza chaka chilichonse, komiti ikakana mukhoza kudandaula kwa mkulu wa dipatimenti ya maphunziro m'chigawocho pasanathe masiku 30. Sukulu ya boma siloledwa kukana mwana kapena kumumana lipoti chifukwa cha fizi. Kumbukirani kuwerengeranso yunifolomu, thiransipoti ndi maulendo a sukulu, chifukwa zimenezi zimalemera. Ganiziraninso mtima wa mwanayo, amene adzakhala pakati pa anzake olemera kumuposa. Adzafunika kumamufunsa kawirikawiri mmene zikumuyendera.

Pa za mapepala, mu December 2019 khothi la ku Makhanda, pa mlandu womwe linabweretsa bungwe la Centre for Child Law, linagamula kuti mwana asachotsedwe kapena kukanidwa sukulu chifukwa chosowa chiphaso chobadwira kapena pemiti, kaya ndi nzika kaya mlendo. Wina akakubwezani pa geti, pitani ku Equal Education Law Centre, Section27 kapena Lawyers for Human Rights. Amathandiza anthu pa nkhani zotere.

Ngati mwana atsala pa sukulu yomwe aliyo, musaione ngati manda. Pali sukulu zaulele zomwe zimakhoza bwino mayeso a matiriki, omaliza sekondale, chifukwa cha mphunzitsi wamkulu wolimba ndi makolo osagona. Kadziwaneni ndi mphunzitsi wa mwanayo, mufunse ndendende pomwe akukakamira: zilembo, kulumikiza mawu, kapena kumva tanthauzo. Mulembetseni ku laibulale ya mzinda. Madzulo aziwerenga mokweza kwa mphindi 15, inu mukumvetsera, ngakhale muli pa mphika, ndipo musasiye kumuuza nthano m'Chichewa, chifukwa mwana wodziwa bwino chilankhulo chimodzi savutika kwambiri kugwira chachiwiri. Misonkhano ya makolo muzipitako, mufunse kuti sukulu ili mu quintile iti, yalandira zingati chaka chino ndipo zagwira ntchito yanji, chifukwa bajeti ya sukulu imayenera kuvomerezedwa ndi makolo pa msonkhano wa pachaka. Mukapita, mutengeko mayi mnzanu mmodzi kapena awiri, ndipo mudzandilembere zomwe akuyankheni.