Funsani Azakhali: Diresi ya mapepala pa Valentine

Azakhali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Zomba. Pa 14 February ndikufuna kuitana mabanja anayi kunyumba kwathu. Ndinaona zithunzi zakale za ku America, amayi atavala madiresi odzaza ndi mitima yofiira, ndipo akuti anali a mapepala. Kodi n'zoona? Nanga ine ndingasoke bwanji kuti isanding'ambikire pamaso pa alendo?

Mwana wanga, n'zoona ndithu, koma sanali mapepala a m'kope ayi. Ndi aja amakwinyamakwinya otchedwa crepe paper, omwe timakongoletsera holo pa ukwati. M'zaka za m'ma 1920, kampani ya Dennison ya ku Framingham, ku Massachusetts, inkagulitsa mapepalawa pamodzi ndi timabuku tophunzitsa amayi kupanga zovala za phwando, zipewa ndi zokongoletsera tebulo.

Chimene zithunzizo sizikukuonetsa n'chakuti kunsi kwa pepalalo kunkakhala chovala chenicheni chansalu, pepala ankangolisokerera kapena kulimata pamwamba. Iwenso tenga diresi yakale yosavuta kapena pitikoti. Ukaliyang'anitsitsa pepalali uona timizere ta makwinya. Timizereto titsike kuchokera m'chiuno kupita kumapazi, chifukwa pepalali limatambasuka cham'mbali, ndiye ukakhala pampando limalolera. Soka ndi singano yamanja, ulusi uzidumpha patalipatali. Ukasoka mothinana, singano imaboola timabowo toyandikana ndipo pepala limaduka pomwepo. M'mphepete mwake ligwire ndi zala ziwiri, uzikoka pang'onopang'ono, liyamba kupindika ngati duwa. Pamenepo ndi pomwe ine ndimapakonda kwambiri, ndipo sipalira ndalama.

Koma mvera izi. Ndinamusokerapo mwana wa mchemwali wanga siketi yofiira yotere, tsiku lake tikutsika minibasi mvula inatipeza. Utoto unasungunuka, bulauzi yoyera inasanduka yamawangamawanga, mpaka m'miyendo munali psuu! Mwanayo analira njira yonse, ndipo mpaka lero zimandiwawa. February ndi mwezi wa mvula, Zomba ukuidziwa wekha. Alendo abwere ndi zovala zawo wamba, za mapepalazo adzavalire m'nyumba. Chachiwiri ndi moto. Anthu amakonda makandulo pa Valentine, koma pepalali limayaka msanga kwambiri. Kandulo isayatsidwe, mbaula ikhale kukhitchini, magetsi akathima gwiritsani ntchito matochi.

Abambo usawavutitse ndi zambiri. Kamtima kofiira pathumba la shati ndi kachipewa kapepala, basi.

Pa masewera, ine ndimakonda awa. Dula mitima isanu pa katoni, uliwonse uudule pakati mokhotakhota mosiyana ndi unzake. Mayi aliyense alembe pa theka lake malo amene anakumanirana koyamba ndi amuna ake, theka linalo uike mu lichero. Bambo akatola lake azifunafuna lolumikizana nalo, akalipeza aliwerenge mokweza, mayi amene analembayo adziulule ndi kufotokoza momwe zinayendera. Makadi nawonso mungapange nokha. Esther Howland wa ku Worcester, ku Massachusetts, amene anatchuka ndi makadi a Valentine ku America, anayamba choncho m'zaka za m'ma 1840, kumata timapepala tangati lesi kunyumba kwa makolo ake.

Mapepala ugule sabata imodzi tsikulo lisanafike, uwasunge mu jumbo pamalo pouma, ndipo ofiira asakhudzane ndi oyera.