Mayi wolira m'basi yochokera ku Lusaka

M'bale wanga, mwafunsa za mayi amene munakhala nawo mpando umodzi m'basi yochokera ku Lusaka, amene analandira foni mutangowoloka mlatho wa Luangwa n'kulira mpaka kufika ku Chipata. Mukuti munangokhala duu poopa kulowerera za eni. Sindikukudzudzulani, koma mukanalankhula.

Kumudzi sitivutika nazo izi. Tikaona masamba atayalidwa pamsewu timadziwa kuti pali zovuta: wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Masambawo amatiuza chochita. M'basi mulibe masamba. Mayi wofedwa amangofunda chitenje kumutu, ndiye ife timanamizira kuti tatanganidwa ndi foni.

Komatu msewu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, wa makilomita oposa 500, umanyamula anthu ambiri osweka mtima. Ena achokera kodwazika ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, ena aitanidwa kumaliro ku Lundazi, ku Chadiza kapena ku Vubwi, ndipo akatsika ku Chipata usiku ulendo wawo umakhala usanathe. Ndalama imene amakhala nayo ndi ya basi yokha.

Poyambira ndi pafupi: "Pepani amayi, kwagwanji?" Akayankha, mvetserani. Akapukusa mutu, asiyeni, amva kale kuti sali okha. Musafunse kuti malemuwo amadwala chiyani, funso limenelo limabaya, ndipo nthawi zambiri amene amalifunsa amangofuna nkhani yokafotokoza kunyumba. Musathamangirenso kulalikira kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Mawu amenewo ali ndi nthawi yake, adzawanena abusa awo kumanda. Ndipo chonde, inu okonda kujambula mavidiyo n'kuponya pa Facebook, misozi ya munthu si sewero.

Chothandiza kwambiri ndi manja. Alandireni mwana ali pamiyendoyo. Basi ikaima pa Nyimba kapena pa Petauke, agulireni madzi. Abwerekeni foni ngati yawo yatha moto, chifukwa pa nthawi yotere pamakhala abale ambiri ofunika kuuzidwa. Mukafika, atsitsireni katundu, muwafunse ngati pali wodzawachingamira. Ngati ndinu bambo ndipo mukuona kuti sizikuyenera kuwagwira paphewa, kodolani mayi wina wachikulire m'basimo. Azimayi athu ntchito imeneyi amaidziwa kuposa ife, ndipo sakana.

Ena amanena kuti masiku ano anthu amalira mwachinyengo pofuna ndalama. Alipodi otero. Koma pa botolo la madzi ndi mawu akuti pepani angakubereni chiyani? Chipepeso sichikakamizidwa. Muli nayo K20, apatseni mwakachetechete, moipinda m'manja monga timachitira pasiwa, osati moonetsa basi yonse. Mulibe, aperekezeni mpaka pamene akwerere galimoto ya kwawo, muuze kondakitala kuti mayiwa akupita kumaliro, awasungire mpando.